Mtsogoleri Wachibwibwi pa Nthawi ya Mavuto a Ndalama

Phunziro la mwezi uno. Tiwerenge Eksodo 4:10-16.

Mawu oyamba

Phunziro la mwezi uno lachokera pa zimene zinachitika m'gulu lathu la banki m'khonde, ndipo ndiyambe ndi kuvomera kuti ineyo sindinachite bwino tsiku limenelo.

Mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 ndalama yathu ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Mitengo ya sopo, shuga, mafuta ophikira ndi feteleza inakwera nthawi imodzi. Amayi angapo a m'gulu lathu amene anatenga ngongole yoodera katundu analephera kubweza pa tsiku lake. Itayandikira nthawi yogawana, mphekesera inayamba kuyenda yoti ndalama za m'bokosi zaperewera. Tsiku la msonkhano aliyense anafika molawirira, ngakhale aja amene masiku onse timawadikira.

Amayi amene amatisungira chuma ali ndi chibwibwi. Anali atasunga mabuku athu zaka zinayi popanda tambala imodzi kusowa, ndipo masiku ena onse chibwibwi chawo sichimamveka kwenikweni. Koma tsiku limeneli ataimirira, buku lili m'manja, maso a anthu onse ali pa iwo, mawu oyamba anakana kutuluka. Milomo inkanjenjemera, maso atatsinzina. Kumbuyo kwanga wina ananong'ona kuti, "Mwaona? Akusowa chonena. Adya ndalama amenewa." Ine ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zoposa 30, ndipo ndimadziwa bwino lomwe kuti chibwibwi chimakula munthu akapanikizika. Koma ndinangokhala chete. Choipa kwambiri n'chakuti kwa kamphindi mtima wanganso unakayika.

Ndidzakuuzani kumapeto m'mene nkhaniyi inathera. Chimene ndikufuna tiphunzire pamodzi ndi ichi: ndalama zikakhala pa ngozi, anthufe timasiya kumvetsera zimene mtsogoleri akunena, n'kuyamba kumvetsera m'mene akunenera. Khalidwe limeneli si la kumudzi kokha. Lachitikanso m'nyumba za malamulo ndi m'mabanki akuluakulu a mayiko olemera, ndipo kumeneko n'kumene titengeko zitsanzo zathu.

Kodi chibwibwi n'chiyani?

Chibwibwi chimaoneka m'njira zitatu. Wina amabwereza chiyambi cha liwu kangapo. Wina amakoka liwu nthawi yaitali asanapitirire. Wina amangoima, mawu atamangika, ngakhale mpweya osatuluka. Munthuyo amadziwa bwinobwino chimene akufuna kunena. Nzeru zake zili m'malo mwake, koma mgwirizano wa ubongo ndi minofu yoyankhulira ndi umene umadukiza.

Chimayamba kawirikawiri mwana ali ndi zaka ziwiri mpaka zisanu, pamene akuphunzira kulumikiza mawu ambiri. Pa ana 100 alionse, pafupifupi asanu amadutsa m'nyengo ya chibwibwi, ndipo ambiri mwa iwo, pafupifupi atatu pa anayi alionse, chimawathera akamakula. Mwa akuluakulu, pafupifupi munthu mmodzi pa 100 alionse ali nacho, ndipo amuna amachuluka katatu kapena kanayi kuposa akazi. Chimapezeka m'mitundu yonse ndi m'ziyankhulo zonse. Chimayendanso m'banja. Mu 2010 akatswiri a ku National Institutes of Health ku America anapeza zina mwa zinthu zimene mwana amatengera kwa makolo ake zokhudzana ndi chibwibwi, atafufuza mabanja a ku Pakistan. Pambuyo pake anafufuzanso banja lina lalikulu la ku Cameroon.

Choncho chibwibwi sichichokera ku mantha, bodza, kulodzedwa kapena kuperewera nzeru. Mantha ndi kupanikizika zimangochikulitsa pamene chilipo kale. N'chifukwa chake munthu yemweyo amayankhula bwino ndi mwana wake kunyumba, koma n'kuvutika pa gulu kapena pa foni. Mwaonanso kuti wachibwibwi akamaimba m'kwaya kapena akamanena pemphero limodzi ndi mpingo, nthawi zambiri mawu amatuluka bwinobwino. Alipo ena amene chibwibwi chawo sitichimva n'komwe, chifukwa amasintha liwu lovuta n'kuikapo lina asanalitchule. Amenewa amatopa kwambiri mumtima, poti tsiku lonse amakhala akuzemba mawu.

Kusadziwa kwavulaza anthu ambiri. Mu 1841 dokotala wina wa ku Berlin, Johann Friedrich Dieffenbach, anayamba kudula mbali ya lilime la anthu achibwibwi poganiza kuti vuto lili pamenepo. Madokotala ena anatengera njirayi, ndipo odwala ena anafa nayo, chibwibwi osatha. Kwathu kuno timamva anthu akunena kuti wachibwibwi sachedwa kupsa mtima. Tadzifunsani, amayi: mukanakhala kuti kuyambira sitandade 1 anzanu amakuyeserani mayankhulidwe, aphunzitsi amakudumphani, ndipo aliyense amakudulani pakamwa, mtima wanu ukanakhala wotani?

Chifukwa chake mawu amalemera ndalama zikavuta

Kuti timvetse chifukwa chimene anthu amatcherera khutu kwambiri kwa mtsogoleri pa nthawi ya mavuto a zachuma, tiyenera kudziwa m'mene banki imagwirira ntchito. Banki sisunga ndalama zonse za anthu m'chipinda. Gawo lalikulu imabwereketsa kwa ena amene adzabweze patapita miyezi kapena zaka, ndipo imangosiya zochepa zopatsa amene abwera kudzatapa tsiku limenelo. Zonse zimayenda bwino malinga ngati anthu sabwera onse nthawi imodzi. Akabwera onse, ngakhale banki yabwino imagwa. Ndi chimodzimodzi banki m'khonde yathu: ndalama zambiri zimakhala m'manja mwa mamembala ngati ngongole, osati m'bokosi. Ndiye kuti chimene chimaimika banki ndi chikhulupiriro cha anthu, ndipo chikhulupirirocho chikagwedezeka aliyense amayang'ana nkhope ya mtsogoleri kufuna kuona ngati akuchita mantha.

Mu 1933 mabanki a ku America ankagwa motsatizana, anthu akuthamangira kukatapa ndalama zawo n'kukazibisa m'nyumba. Pulezidenti Franklin Roosevelt, atangolowa m'boma, anatseka mabanki onse pa 6 Malichi. Pa 12 Malichi anayankhula pa wailesi, mofatsa ngati bambo ali pa khonde ndi ana ake. Mawa lake mabanki atayamba kutsegulidwa, anthu anaima pa mzere kudzasungitsa ndalama, ndipo m'masabata awiri ndalama zoposa theka la zimene anabisa zinali zitabwerera. Anthu ambiri amati linali liwu lake lokoma limene linapulumutsa dziko. Koma taonani zimene zinali kumbuyo kwa liwulo. Pa 9 Malichi nyumba ya malamulo inali itakhazikitsa lamulo latsopano la mabanki. Akuluakulu a boma ankayendera mabuku a mabanki, ndipo ankalola kutsegula okhawo amene anapezeka olimba. Roosevelt anawafotokozera anthu momveka m'mene banki imagwiritsira ntchito ndalama zawo, chifukwa chimene anatsekera mabanki, ndi masiku amene adzatsegulidwe. Anthu anakhulupirira chifukwa anauzidwa zoona ndiponso anaona ntchito.

Chitsanzo china ndi cha banki ya Northern Rock ku Britain. Pa 14 Sepitembala 2007 anthu atamva kuti bankiyi yapempha thandizo ku Bank of England, anaima pa mizere italiitali kunja kwa nthambi zake. Tsiku loyamba lokha anatapa pafupifupi mapaundi 1 biliyoni. Akuluakulu a banki ndi a boma, anthu ophunzira ndi odziwa kuyankhula, anabwera pa wailesi ndi pa wailesi ya kanema kupempha anthu kuti adekhe. Mizere sinathe. Inatha nduna ya zachuma, Alistair Darling, italengeza pa 17 Sepitembala kuti boma lidzateteza ndalama za aliyense amene anasunga ku bankiyo. Mawu osalala analipo kuyambira tsiku loyamba, koma chimene chinabweza anthu kunyumba ndi lonjezo lokhala ndi ndalama kumbuyo kwake.

Pamene khutu litinamiza

Makolo athu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa 12 Malichi 2008 mkulu wa banki yaikulu ya Bear Stearns ku New York, Alan Schwartz, anayankhula pa wailesi ya kanema modekha ndi mosadodoma, kunena kuti sakuona vuto la ndalama pa banki yake. Pasanathe masiku awiri bankiyo inafunika thandizo la mwadzidzidzi, ndipo pa 16 Malichi inagulitsidwa kwa JPMorgan Chase pa mtengo wotsika kwambiri. Antchito ambiri amene anasunga chuma chawo m'masheya a bankiyo anataya pafupifupi zonse. Mu Disembala chaka chomwecho kunadziwika chinyengo cha Bernard Madoff, munthu amene kwa zaka zambiri ankalemekezedwa chifukwa cha kudekha ndi ulemu wake. Ankalipira osunga ndalama akale pogwiritsa ntchito ndalama za osunga atsopano, ndipo makalata amene ankatumizira anthu ankaonetsa chuma cha madola pafupifupi 65 biliyoni chimene kunalibe. Mabungwe achifundo, amasiye ndi okalamba anataya zonse. Mu 2009 analamulidwa kukhala m'ndende zaka 150, ndipo anafera komweko mu 2021.

Tsopano tione mbali inayo. Ed Balls ndi katswiri wa zachuma wa ku Britain, wophunzira ku Oxford ndi ku Harvard, amene anali mlangizi wamkulu ku unduna wa zachuma kwa zaka zambiri, kenaka nduna yoona za ana ndi masukulu kuyambira 2007 mpaka 2010. Ali ndi chibwibwi cha mtundu wobisika uja, ndipo anachiulula poyera ali kale nduna. Kuyambira 2011 mpaka 2015 ndiye anali mneneri wa zachuma wa chipani chotsutsa boma, pa nthawi imene dziko lawo linkavutika ndi ngongole zimene zinatsatira mavuto a 2008.

Pa 5 Disembala 2012 nduna ya zachuma, George Osborne, inapereka lipoti la chuma cha dziko m'nyumba ya malamulo, ndipo Balls anaimirira kuti ayankhe. Mu mphindi zoyamba anadodoma, n'kunena motembenuza chiganizo chimene ankafuna kunena. Aphungu a mbali ya boma anaseka ndi kukuwa. Madzulo ake ndi mawa lake, nkhani yaikulu inali ya kudodomako. Ena ankati wasokonezeka chifukwa manambala a boma anamudzidzimutsa, ena ankati munthu wotero sangayendetse chuma cha dziko. Iye mwini anafotokoza pa wailesi ya BBC kuti aliyense akudziwa kuti ali ndi chibwibwi, ndipo kuti nthawi zina chimamugonjetsa mu mphindi zoyamba, makamaka anthu mazana akamamukuwiza.

Koma panali funso lenileni limene phokoso lija linakwirira. Manambala a boma ankaonetsa kuti kubwereka kwa chaka chimenecho kutsika, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali chakuti anawerengeratu mapaundi 3.5 biliyoni amene ankayembekeza kupeza pogulitsa ziphaso za mafoni a 4G, malonda amene anali asanachitike. Malondawo atachitika mu Febuluwale 2013 anabweretsa mapaundi 2.34 biliyoni okha. Sindikunena kuti chipani ichi chinkalondola, icho chinkalakwa. Ndale za ku Britain n'za eni ake. Ndikungoti tsiku limenelo anthu ambiri anakumbukira lilime limene linapunthwa, n'kuiwala kufunsa za ndalama zimene zinawerengedwa zisanalowe m'thumba. Mayi aliyense amene anayendetsapo gulu amadziwa kuti ndalama ya m'lonjezo siilembedwa ngati yalowa.

Amene anasenza katundu ali ndi chibwibwi

Agogo athu ankaona nkhope ya Mfumu George VI pa ndalama ndi pa masitampa, poti dziko lathu linali pansi pa ulamuliro wa Britain. Mfumuyi inali ndi chibwibwi kuyambira ubwana. Pa 31 Okutobala 1925, isanakhale mfumu, inayankhula pa chionetsero chachikulu ku Wembley, ndipo zinali zowawa kwa iyo ndi kwa omvera omwe. Chaka chotsatira inayamba kuthandizidwa ndi Lionel Logue, mphunzitsi wa kayankhulidwe wochokera ku Australia. Mkulu wake Edward VIII atatula pansi ufumu mu Disembala 1936, anthu ankanong'onezana kuti mng'ono wakeyo sangathe ngakhale mwambo womuveka ufumu.

Apa mpingo wathu uli ndi phunziro lake. Pa 13 Disembala 1936 Arkibishopu wa ku Canterbury, Cosmo Lang, poyankhula pa wailesi anauza dziko lonse kuti lidzamva mfumu yatsopano ikudodoma nthawi zina, koma kuti zimenezo zisadandaulitse munthu. Mwina cholinga chinali chabwino, koma zotsatira zake zinali zakuti anthu anayamba kudikira kudodomako nthawi iliyonse mfumu ikatsegula pakamwa. Nafenso timachita zotere tikamati, "Tiwakhululukire amayiwa, paja pakamwa pawo mukupadziwa," mwini wake asanatipemphe kutero.

Pa 3 Sepitembala 1939 mfumu yomweyo inayankhula pa wailesi kulengeza za nkhondo, pang'onopang'ono, ikupuma pakati pa mawu. Mabomba atayamba kugwa pa London, iyo ndi mkazi wake sanathawire kunja kwa dziko, ndipo nyumba yawo ya Buckingham Palace inaphulitsidwa mu Sepitembala 1940. Chibwibwi sichinathe mpaka imfa yake mu 1952, koma anthu anafika poikonda chifukwa ankamva m'mawu mwake munthu amene akulimbana ndi chovuta osathawa.

Ife anamwino timakumbukiranso Aneurin Bevan wa ku Tredegar ku Wales, amene analowa ntchito mu mgodi wa malasha ali ndi zaka 13, ali ndi chibwibwi chachikulu. Anadziphunzitsa powerenga kwambiri kuti akhale ndi mawu ambiri osankhapo. Mu 1945 anakhala nduna ya zaumoyo, dziko lili ndi ngongole zazikulu za nkhondo ndipo chakudya chikugawidwa moyeza. Ambiri ankati si nthawi yoyambitsa zinthu zodula. Koma pa 5 Julayi 1948 anatsegula National Health Service, imene inalola wolemera ndi wosauka kuonana ndi dokotala popanda kulipira pakhomo.

Ku America, Joe Biden, amene wakhala akufotokoza poyera za chibwibwi chake cha kuyambira ubwana, anapatsidwa mu 2009 ntchito yoyang'anira ndondomeko ya madola 787 biliyoni yodzutsira chuma cha dzikolo, pamene anali wachiwiri kwa pulezidenti. Anadzakhala pulezidenti kuyambira 2021 mpaka 2025. Mu 2024 anasiya kupikisana nawo pa chisankho anthu ambiri atada nkhawa ndi ukalamba wake. Nkhani yake ikutikumbutsa kuti si kudodoma kulikonse kumene kuli chibwibwi, ndipo kuti anthu ali ndi ufulu wofunsa ngati mtsogoleri akadali ndi mphamvu zogwirira ntchito. Chibwibwi si umboni wa bodza, komanso si chikalata cha kukhulupirika. Wachibwibwi ayesedwe ndi muyeso womwewo umene timayesera wina aliyense.

Tibwerere ku ndime imene tawerenga. Mose anadandaula kwa Mulungu kuti pakamwa pake ndi lilime lake n'zolemera, ndipo owerenga ambiri kuyambira kale amamva kuti ankanena za chibwibwi. Mulungu sanasankhe munthu wina, ndipo sitiwerenga kuti anamuchotsera vutolo. Anamupatsa Aroni kuti amuthandize kuyankhula, koma utsogoleri unakhalabe m'manja mwa Mose. Mukafika kunyumba mukawerengenso Eksodo 32. Mose atachedwa kuphiri, anthu anachita mantha ndi kutaya chikhulupiriro. Amene anagonjera khamu, n'kusonkhanitsa ndolo zawo za golide ndi kupanga fano la mwana wa ng'ombe, anali Aroni, uja wodziwa kuyankhula. Chuma cha anthu chinathera m'moto chifukwa mtsogoleri wa pakamwa posalala anawapatsa chimene ankafuna kumva.

Nanga tiyeze chiyani?

Ndalama za gulu, za mpingo kapena za dziko zikavuta, pali mafunso amene amathandiza kuposa kumvetsera kukoma kwa liwu.

Choyamba, kodi mtsogoleriyo akutchula manambala enieni, kuphatikizapo oipa? Amene akuti "zonse zili bwino, musade nkhawa" osatchula nambala ndi woopsa kuposa amene akudodoma koma akuti, "zalowa zakuti, zatuluka zakuti, zatsala kunja zakuti."

Chachiwiri, kodi akulola ena kuona mabuku? Msungichuma wokhulupirika sakwiya mukapempha malisiti. Mabungwe athu akhale ndi lamulo loti anthu awiri kapena atatu aziwerenga ndalama pamodzi ndi kusaina, ndiponso kuti makiyi a bokosi asakhale kwa munthu mmodzi.

Chachitatu, kodi akunena chimene chichitike, amene achichite, ndi tsiku lake? Ichi ndi chimene Roosevelt anachita, ndipo ndi chimene chinathetsa mizere ku Northern Rock.

Chachinayi, kodi mbiri yake ndi yotani? Zaka zinayi za mabuku oyera siziyenera kufufutika chifukwa cha mphindi imodzi ya liwu lomangika.

Palinso m'mene tingathandizire munthu wachibwibwi akamayankhula. Muyang'aneni mwachibadwa ndipo mudikire. Musamumalizire mawu, pakuti nthawi zambiri mumamalizira molakwika ndipo iye ayenera kuyambiranso. Musamuuze kuti "dekha" kapena "puma kaye", chifukwa zimenezi zimangomukumbutsa kuti mukumvetsera vuto lake m'malo mwa uthenga wake. Yankhani zimene wanena. Wapampando aletse kunong'ona ndi kuseka, ndipo amufunse mwini wake padera ngati akufuna kuyamba ndiye kapena kutsiriza, kuwerenga lipoti lolemba kapena kuligawa kwa anthu kuti azitsatira. Musamuchotse pa mndandanda wa owerenga mawu m'tchalitchi musanamufunse. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa amayi ndi agogo amene muli ndi mwana wachibwibwi: musamukalipire, musamumenye, ndipo musalole wina aliyense kumudula pansi pa lilime chifukwa cha chibwibwi. Muziyankhula naye mofatsa inuyo, mumpatse nthawi yake yoyankhula pamene abale ake ali chete, ndipo kakambiraneni ndi aphunzitsi ake. Chikapitirira miyezi isanu ndi umodzi, kapena mukaona kuti mwana wayamba kuopa kuyankhula, pitani naye kuchipatala mukafunse za akatswiri othandiza pa kayankhulidwe, chifukwa thandizo limagwira bwino mwana akadali wamng'ono. Tsiku la 22 Okutobala chaka chilichonse, kuyambira 1998, ndi lokumbukira anthu achibwibwi pa dziko lonse. Nthambi zathu zingathe kugwiritsa ntchito sabata limenelo kuphunzitsa ana a Sande sukulu kuti asamaseke anzawo.

M'mene nkhani yathu inathera

Tsiku lija, amayi ena achikulire amene sanapite patali ndi sukulu ndi amene anachita zimene ine namwino ndinalephera. Anaimirira n'kunena kuti, "Amayi, takhalani chete. Kunyumba kulibe chimene chikupsa. Mayi msungichuma, yankhulani, tikudikirani." Bata litabwera, mawu anayamba kutuluka, pang'onopang'ono. Anawerenga ndalama zimene zinalowa mwezi ndi mwezi, ngongole iliyonse imene inali isanabwezedwe, ndi chiwongola dzanja chake. Amayi atatu anawerenga za m'bokosi pamaso pa onse, ndipo zinafanana ndi za m'buku. Zoperewerazo zinali ngongole za mamembala, ndipo ena mwa angongolewo anali pakati pa amene ankanong'ona. Tinagwirizana kuchedwetsa kugawana ndi miyezi iwiri, ndipo pafupifupi zonse zinabwezedwa.

Koma pa chisankho chotsatira amayi aja anakana kupitiriza udindo. Anati akumva kutopa. Nditapita kunyumba kwawo kukapepesa, anandiuza kuti kunong'ona kuja anakumva, ndipo chimene chinawapweteka kwambiri chinali kuona anthu amene amawadziwa bwino atangoweramitsa mitu. Mmodzi wa anthu amenewo ndinali ine. Tinatenga chaka chathunthu kuwapempha asanavomere kutenganso mabuku. Gulu likhoza kutaya mtumiki wake wokhulupirika m'mphindi imodzi, popanda wina kuba tambala.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Pa zisankho za m'nthambi yathu, kodi timayang'ana chiyani posankha wapampando, mlembi ndi msungichuma? Alipo amene tinamudumpha chifukwa cha kayankhulidwe kake?

2. Kodi munakhulupirirapo munthu pa nkhani ya ndalama chifukwa choyankhula bwino? Zinatha bwanji, ndipo ndi funso liti limene mukanafunsa?

3. Fanizirani Mose ndi Aroni pa Eksodo 4 ndi Eksodo 32. Ndi mphatso iti imene aliyense anali nayo, ndipo inathandiza kapena kulephera pati?

4. Kodi malamulo a gulu lathu amateteza bwanji ndalama, ndiponso amateteza bwanji dzina la amene amazisunga?

5. Ndi mwana uti kapena wamkulu uti wachibwibwi m'dera lathu amene tingamuthandize mwezi uno, ndipo tiyamba bwanji?

Pemphero

Mulungu Atate, amene munapanga pakamwa pa munthu ndipo munatuma Mose monga analili, tikhululukireni pamene tinaseka, pamene tinakayika, ndi pamene tinakhala chete mnzathu akunyozedwa. Tipatseni makutu odekha ndi mitima yofuna choonadi. Patsani atsogoleri a mpingo, a mabungwe athu ndi a mayiko kulimba mtima konena zoona pa nthawi ya mavuto. Limbikitsani ana ndi akulu onse amene amavutika poyankhula, kuti mphatso zawo zisakwiririke chifukwa cha kusaleza mtima kwathu. Tikupempha mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.